Ndikachite lendi dera liti ku Berlin? Ndikukaphunzira semesita imodzi ku Freie Universität

Mwanasukulu_27

Moni nonse. Ndasankhidwa kukaphunzira semesita imodzi ku Freie Universität Berlin, pa ndondomeko ija mayunivesite amasinthana ophunzira. Makalasi ayamba pakati pa Okutobala, ndipo ndikakhalako mpaka kumapeto kwa Febuluwale. Ndinalembetsa malo kunyumba zogona ophunzira koma mpaka lero zii, ndiye ndayamba kusaka ndekha pa WG-Gesucht, webusaiti yotsatsirapo zipinda za lendi.

Pakadali pano pali zipinda zitatu zomwe eni ake andiyankha. China chili ku Steglitz, ndi chodulirapo, ndipo ndikumva kuti kuderako kulibe zochitika za achinyamata. China chili ku Neukölln, n'chotchipa kuposa zonse, koma mwini wake walemba kuti "keine Anmeldung" ndipo sindikudziwa ngati mawu amenewa ali ndi vuto. Chachitatu chili ku Wedding, pafupi ndi Leopoldplatz.

Mzindawu ndikungouona pa mapu. Ndine mtsikana, ndikupita ndekha, ndipo Chijeremani ndikungodziwa cha moni. Kodi posankha dera munthu amayamba kuyang'ana chiyani? Amene mukuudziwa mzindawu ndithandizeni chonde, nthawi yandithera.

Kalondolondo

Achemwali, zabwino zonse. Musanayerekeze madera, pezani kaye keyala ya nyumba yeniyeni imene muzikaphunziriramo. Dzina la yunivesite palokha silikuthandizani, chifukwa mayunivesite a ku Berlin ali ndi nthambi zomwazikana. Mbali yaikulu ya Freie Universität ili ku Dahlem, kumwera chakumadzulo kwa mzinda, koma maphunziro a miyala ndi nthaka ali ku Lankwitz, ndipo a udokotala wa ziweto ambiri amachitikira ku Düppel. Kwa ena amene akuwerenga: ku Humboldt-Universität vutoli n'lalikulu kuposa pamenepa, chifukwa likulu lake lili ku Mitte pa Unter den Linden, pomwe masamu, fizikisi, kemisitiri ndi zamakompyuta zili ku Adlershof, kutali chakum'mawa kumwera. Lemberani ku ofesi yoona za ophunzira ochokera kunja muwafunse kuti makalasi a dipatimenti yanu amachitikira m'nyumba iti.

Ndiyerekeza kuti inu ndi wa ku Dahlem. Kumeneko mumafika ndi sitima ya pansi pa nthaka ya U3, n'kutsikira pa Dahlem-Dorf kapena pa Freie Universität. Funso lanu lonse lagona pa njanji imeneyi: mungaifikire bwanji kuchokera pakhomo panu, ndipo musintha sitima kangati?

Kuchokera pa Leopoldplatz mukwera U9 masiteshoni 8 kukafika pa Spichernstraße, apo musintha n'kukwera U3 masiteshoni ena 7 kukafika pa Dahlem-Dorf. Ndi ulendo wautali ndithu, koma kusintha n'kamodzi kokha ndipo sitima zonse ziwiri zimabwera pafupipafupi.

Ku Neukölln zimatengera malo. Berlin ili ndi zigawo zikuluzikulu 12, ndipo Neukölln ndi chimodzi mwa izo. Chimayambira cha pa Hermannplatz n'kukathera ku Rudow, kumene U7 imathera, kumalire a mzinda. Munthu akalemba kuti "Neukölln" sanakuuzeni kanthu. Ngati chipindacho chili pafupi ndi siteshoni ya Hermannstraße, muli pa njanji yozungulira ija amaitcha Ringbahn: mukwera S41 masiteshoni 6 kukafika pa Heidelberger Platz, kenako U3 masiteshoni 4 mwafika pa Dahlem-Dorf. Pobwerera mukwera S42, chifukwa S41 imazungulira motsata mivi ya wotchi ndipo S42 imazungulira mobwerera. Mukasokoneza mudzafikabe, koma kuzungulira njanji yonse kumatenga ola lathunthu. Ngati chipindacho chili cha ku Rudow, ulendo wake ndi wina, wotopetsa.

Steglitz ndi woyandikana ndi Dahlem. Kuchokera pa Rathaus Steglitz pali basi ya X83 yomwe imadutsa pa Dahlem-Dorf, ndipo pa njinga ndi pafupi zedi.

Yesani motere. Tsegulani apu ya BVG, omwe amayendetsa mabasi ndi sitima za pansi pa nthaka, kapena Google Maps. Ikani keyala ya chipinda ndi keyala ya nyumba yophunziriramo, osati mayina a madera. Yesani maulendo atatu: kufika kusukulu 8 koloko m'mawa Lachiwiri, kubwerera kunyumba 10 koloko usiku, ndiponso kubwerera 2 koloko usiku wa Lachitatu. Wachitatuwu ndi umene ambiri amaiwala. Mkati mwa sabata sitima zimasiya kuyenda cha m'ma 1 koloko usiku mpaka cha m'ma 4 m'bandakucha, ndipo m'malo mwake mumayenda mabasi a usiku okhala ndi chilembo N kutsogolo kwa nambala. Usiku wa Lachisanu ndi Loweruka ndi pamene njanji zambiri zimayenda usiku wonse. Onaninso kuti kuchoka pa siteshoni kukafika pakhomo ndi mphindi zingati wapansi. Zikapitirira 10, m'nyengo yachisanu mudzazimva.

Masamu ake ndi osavuta. Ulendo wa mphindi 50 kupita ndi 50 kubwera, masiku 5 pa sabata, ndi mphindi 500, kupitirira maola 8. Wa mphindi 20 ndi mphindi 200, maola atatu ndi pang'ono. Pa semesita imodzi yokha kusiyana kumeneku n'kwakukulu, chifukwa amene amakhala kutali ndi amene amayamba kujomba kalasi ya m'mawa, komanso amalephera kutsalira anzake akamakumana madzulo. Malire anga ndi awa: mphindi zosapitirira 40 kuchokera pakhomo kufika pakhomo, ndipo kusintha sitima kusapitirire kamodzi. Kusintha kulikonse ndi mpata woti sitima ina ikusiyeni.

Chinthu china chaching'ono: pezani nambala ya positi ya manambala asanu ya keyala iliyonse. Ku Berlin mayina a misewu amabwerezedwa, Berliner Straße ilipo m'madera angapo otalikirana. Mukaika dzina la msewu lokha, mapu angakuonetseni malo ena. Ya pakati pa Dahlem ndi 14195.

Pa zipinda zanu zitatu, kumbali ya mayendedwe Steglitz wapambana.

MayiWaMapepala

Mwanawe, za mayendedwe a Kalondolondo anena zoona. Ine ndilankhule za mawu awiri aja, "keine Anmeldung", chifukwa amenewo okha akuchotsa chipinda cha ku Neukölln pa mndandanda, kaya chili pafupi ndi siteshoni kaya ayi.

Anmeldung ndi kulembetsa kuboma malo amene ukukhala, ndipo "keine Anmeldung" akutanthauza kuti sakulola kuti ulembetse keyala ya nyumbayo. Lamulo la ku Germany limati ukalowa m'nyumba ulembetse pasanathe masabata awiri, ku ofesi yotchedwa Bürgeramt. Wochokera kunja amene akukhala miyezi yosapitirira itatu sakakamizidwa, koma iwe ukukhala pafupifupi miyezi isanu, choncho lamuloli likukukhudza. Polembetsa umanyamula pasipoti, fomu yodzazidwa, ndi kalata yosainidwa ndi amene wakupatsa nyumba yotsimikiza kuti walowadi. Kalatayi dzina lake ndi Wohnungsgeberbestätigung, ndipo yakhala yokakamiza kuyambira mu Novembala 2015. Mgwirizano wa lendi pawokha sulowa m'malo mwake. Ukalembetsa amakupatsa chipepala chotsimikiza keyala yako, chomwe amachifuna ku ofesi yoona za olowa m'dziko, Landesamt für Einwanderung, ukafuna kuwonjezera masiku a chilolezo chokhalira. Mabanki ambiri amachifunanso, ndipo nambala yako ya msonkho imabwera pa positi ukatha kulembetsa. Ku Berlin ungapite ku Bürgeramt iliyonse, osati ya m'dera lako lokha, ndiye tenga tsiku lililonse limene lapezeka pa intaneti ngakhale ofesiyo ili kutali.

Nanga munthu angakanirenji kusaina kalata yaing'ono ngati imeneyi? Kawirikawiri n'chifukwa chakuti nayenso ndi wa lendi, ndipo akubwereketsa chipindacho mwini nyumba osadziwa. Kubwereketsa chipinda cha nyumba ya lendi n'kololedwa, koma pamafunika chilolezo cha mwini nyumba. Zikaululika, amene amayamba kutuluka ndi iweyo, mwina pakati pa Januwale, mayeso ali pakhomo. Funso loyamba kwa aliyense wokupatsa chipinda likhale ili: kodi mundisainira Wohnungsgeberbestätigung? Lachiwiri, ngati nayenso ndi wa lendi: kodi mwini nyumba anavomera molemba?

Tsopano za ndalama, poti ukuyerekeza mitengo. Onetsetsa kuti ukuyerekeza zinthu zofanana. Kaltmiete ndi lendi ya chipinda yokha. Warmmiete ndi lendi yophatikiza Nebenkosten, kutanthauza madzi, kutenthetsa nyumba, kuchotsa zinyalala ndi zina zosamalira nyumbayo. Magetsi ndi intaneti nthawi zambiri zimakhala zapadera ngakhale pa Warmmiete. Palinso msonkho wa wailesi ndi kanema, Rundfunkbeitrag, womwe kuyambira mu Ogasiti 2021 unaikidwa pa ma euro 18.36 pa mwezi. Umalipiridwa pa nyumba, osati pa munthu, choncho mukakhala anayi mumagawana. Funsa ngati mtengo umene wauzidwa ndi womaliza kapena ndi wongoyerekeza. Ukakhala wongoyerekeza, pakutha pa chaka amawerengetsa zimene zinagwiritsidwadi ntchito, ndipo bilu yowonjezera ingakupeze utabwerera kale kwanu. Kwa munthu wa miyezi isanu, mtengo umodzi wophatikiza zonse, umene amautcha Pauschalmiete, ndi wopatsa mtendere.

Dipoziti, Kaution, lamulo limati isapitirire Kaltmiete ya miyezi itatu, ndipo uli ndi ufulu woilipira m'magawo atatu, mwezi ndi mwezi, gawo loyamba lendi ikamayamba. Tiyerekeze kuti Kaltmiete ndi ma euro 450: dipoziti singapitirire 1,350, ndipo gawo loyamba ndi 450. Wina akawerengera dipoziti pa Warmmiete, walakwitsa. Ilipire kudzera kubanki kuti pakhale umboni. Dziwanso kuti siibwera tsiku lotuluka, imatha kutenga miyezi ingapo, ndiye usatseke akaunti imene adzatumizeko.

Werenga bwino masiku a mgwirizano. Wokhala ndi tsiku lothera, befristet, nthawi zambiri sungauthetse pakati, umalipira mpaka tsiku lolembedwalo ngakhale utachoka. Wopanda tsiku lothera nthawi zambiri umafuna kuti upereke chidziwitso miyezi itatu pasadakhale, molemba ndi kusaina pa pepala. Ukafuna kutuluka kumapeto kwa Febuluwale, kalata yako ifike m'masiku atatu oyambirira ogwira ntchito a Disembala. Ukachedwa ndi sabata imodzi, walipira mwezi wina wathunthu. Chokuyenera kwambiri iwe ndi Zwischenmiete, chipinda cha wophunzira amene nayenso wapita kunja semesita imodzi: chimakhala ndi bedi, tebulo ndi zonse, ndipo masiku ake amagwirizana ndi ako.

Tsiku lolowa mulembe Übergabeprotokoll, chikalata chofotokoza mmene chipinda chilili: ming'alu, madontho pakhoma, makiyi angati, ndi manambala a pa mita ya magetsi. Jambula zithunzi zonse. Ndipo tsiku lomwelo mata dzina lako pa bokosi la makalata ndi pa belu la pakhomo. Ku Germany wa positi amayang'ana dzina, osati nambala ya chipinda. Dzina likasowa, khadi ya ku banki ndi makalata a boma zimabwerera kumene zachokera.

Mwanasukulu_27

Zikomo kwambiri nonse awiri, mwanditsegula maso. Ndafunsa ku ofesi, makalasi anga ali pa Habelschwerdter Allee 45 ku Dahlem. Wa ku Neukölln uja ndamufunsa za kalata, wakana, ndiye ndamusiya. Wa ku Steglitz ndi wa ku Wedding onse avomera kusaina. Koma mtima wanga ukadali pawiri. Ndikuopa kuti ku Steglitz ndikasungulumwa, komanso za ku Wedding ndawerenga zosiyanasiyana pa nkhani ya chitetezo. Ndingadziwe bwanji ndili kutali?

Mbalame_ya_usiku

Achemwali, nkhawa yanu ya kusungulumwa ndi yomveka, ndipo pano ndisiyana pang'ono ndi a Kalondolondo. Kuyandikira sukulu n'kofunika, koma amene amathetsa kusungulumwa ndi anthu okhala nawo m'nyumba, osati dzina la dera. WG, nyumba yokhalamo anthu angapo aliyense chipinda chake koma khitchini ndi bafa limodzi, ilipo mitundu iwiri. Ina amalemba okha kuti Zweck-WG, kutanthauza kuti anthuwo angogwirizana kugawana lendi, aliyense amatseka chitseko chake. Ina amaphikira limodzi ndi kucheza. Pemphani kulankhula ndi onse okhalamo pa vidiyo, muwafunse ngati ndi ophunzira, amalankhula chilankhulo chanji m'nyumbamo, amagawana bwanji ntchito yokonza, ndipo alendo amaloledwa motani. Chipinda cha ku Wedding chokhala ndi anzanu abwino chingapose cha ku Steglitz chomwe mukungokhala ndi munthu mmodzi wobwera usiku n'kuchoka m'mamawa.

Komanso Steglitz si kutchire. Msewu wa Schloßstraße ndi umodzi mwa misewu ikuluikulu ya masitolo mu Berlin, ndipo pa Rathaus Steglitz pali U9 ndi S1 zopita pakati pa mzinda popanda kusintha. Kupita kokacheza kawiri pa sabata n'kopepuka kusiyana ndi kuyenda ulendo wautali wa kusukulu kasanu.

Za chitetezo, musaweruze dera lonse. Wedding ndi dera la anthu ogwira ntchito, mabanja ochokera m'mayiko ambiri, ndi ophunzira ochuluka, poti Berliner Hochschule für Technik ndi chipatala cha Virchow cha Charité zili komweko. Pabwalo la Leopoldplatz penipeni ndi podziwika kuti pamasonkhana anthu omwa mowa ndi ogwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo, koma misewu ingapo kuchoka pamenepo mupeza malo abata. Chimene mukuyeza ndi kanjira kanu kochokera pa siteshoni kufika pakhomo. Kayendeni pa Street View, zithunzi za misewu za pa Google Maps, kuyambira potulukira siteshoni: kodi mukudutsa mumsewu wa masitolo ndi nyumba zokhalamo anthu, kapena m'mbali mwa paki, pansi pa mlatho, kapena pakati pa nyumba zosungiramo katundu? Mu Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane ndipo limatuluka 8 itadutsa, choncho kanjira kameneka muzikayenda mumdima pafupifupi tsiku lililonse. Funsaninso mtsikana wokhala m'nyumbamo, ngati alipo, kuti usiku amadzera njira iti. Nambala ya apolisi ndi 110, ya ambulansi ndi ozimitsa moto ndi 112.

Nyumba yeniyeniyo muifunsenso bwino, chifukwa mukupita nthawi yozizira. Nyumba zakale za ku Berlin, Altbau, zili ndi denga lotalika mamita atatu kapena kuposerapo, n'zokongola koma zimadya ndalama potenthetsa. Zambiri zilibe chikepe, ndipo akalemba "4. OG" ndiye kuti mukwera nsanjika zinayi pamwamba pa yapansi, ndi masutikesi anu. Vorderhaus ndi mbali yoyang'ana kumsewu, kumakhala kuwala komanso phokoso. Hinterhaus ndi ya kuseri kwa bwalo, kuli bata koma zipinda zapansi zimakhala zamdima tsiku lonse. Pa vidiyo apempheni akuonetseni makona a khoma la kuzenera ndi kuseri kwa kabati. Madontho akuda pamenepo ndi chuku, chomwe chimabwera chinyezi cha m'chipinda chikamakhala pa khoma lozizira. Mukalowa, njira yochipewera ndi kutsegula mawindo onse kwathunthu mphindi 5 mpaka 10, kawiri kapena katatu pa tsiku, hita mutatseka, osati kusiya zenera lotsegula pang'ono tsiku lonse. Chuku chikamera chifukwa chosatsegula mawindo, mwini nyumba angafune kudula pa dipoziti.

Onaninso pa mapu kuti sitolo ya zakudya ili mphindi zingati wapansi. Lamlungu masitolo amakhala otseka, kupatula ochepa a m'masiteshoni akuluakulu monga Hauptbahnhof ndi Südkreuz. Ngati m'nyumbamo mulibe makina ochapira, pezani pochapira zovala pafupi.

Mukandifunsa ine: ngati anthu a m'nyumba zonse ziwiri akukusangalatsani mofanana, tengani Steglitz.

Achikulire_B

Ndiwonjezere za akathyali, chifukwa amasaka anthu ngati inu, amene muli kutali ndipo nthawi yakutherani. Nkhani yawo imafanana: chipinda chokongola pa mtengo wotsika modabwitsa, mwini wake ati ali kunja kwa dziko sangakuonetseni, tumizani dipoziti ndipo makiyi abwera pa positi. Ena amatumiza linki yonamizira kuti ndi ya kampani yodziwika yosungitsa malo. Musatumize ndalama musanaone chipindacho pa vidiyo ya pompopompo komanso musanasainirane mgwirizano. Pa vidiyopo muuzeni munthuyo atuluke panja akuonetseni nambala ya nyumba ndi dzina lake pa belu, kenako alowe n'kutsegula zenera la chipindacho. Zimene mukuona panja zifanane ndi za pa Street View. Dzina la pa akaunti ya ku banki lifanane ndi la pa mgwirizano. Chithunzi cha pasipoti yanu musachitumize pa uthenga woyamba, chifukwa amachigwiritsa ntchito pobera ena m'dzina lanu.

Kunyumba zogona ophunzira musachotse dzina lanu. Ku studierendenWERK BERLIN, bungwe loyendetsa nyumba zogona ophunzira, mndandanda wodikira ndi wautali, koma funsani ku ofesi ya yunivesite ngati ili ndi zipinda zosungira ophunzira osinthana. Yesaninso Studentendorf Schlachtensee, mudzi wa ophunzira womwe uli kumbali yomweyo ya mzinda ndi Dahlem. Komabe fodya wako ndi amene ali pamphuno: ngati wa ku Steglitz wapambana mayeso a vidiyo ndipo wavomera kusaina kalata ija, musamusiye podikira yankho lomwe mwina silibwera. Seputembala ndi Okutobala ndi miyezi imene ophunzira onse amasaka zipinda nthawi imodzi.

Ngati pali pokayikitsa, sungitsani malo ku hositelo kwa sabata imodzi kapena awiri, mukafike kumapeto kwa Seputembala, mukaone zipinda zonse ziwiri ndi maso anu, masana kamodzi ndi usiku kamodzi, n'kukwera sitima kuchoka pamenepo mpaka pa Habelschwerdter Allee. Pochoka mu Febuluwale mudzakumbukire kudzichotsa m'kaundula, Abmeldung, zomwe zimaloledwa kuyambira sabata imodzi musanatuluke m'nyumba, ndipo chipepala chake mudzachisunge chifukwa ndi chimene mudzaonetse pothetsa msonkho wa wailesi uja ngati uli m'dzina lanu.